Chitengwa Chachiwiri

Kusitolo kwa Harilal,
Lilongwe,
Nyasaland.
16 Epulo, 1962.

Okondedwa alamu a Reinford,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Salisbury konko pamodzi ndi akunyumba ndi ana. Ife kuno tilipo. Mvula yaleka, fodya wayamba kulowa m'tauni, ndipo fumbi la pamsewu wa kumsika labwereranso pamashelefu athu monga limachitira chaka ndi chaka.

Makalata anu awiri ndinalandira. Ndachedwa kuyankha, mundikhululukire. Mwafunsa za katundu wa malemu mlongo wanu, mwafunsanso za mwana wathu Evelina. Zonsezi ndiyankha. Koma poyamba mundilole ndikuuzeni chimene munandipempha chaka chatha, abwana anu atakukanizani kubwera kumaliro. Munati ndikulembereni za masiku omaliza a Alinesi. Nthawi imeneyo cholembera chinkandilemera. Za kuchipatala sindilemba ngakhale lero. Ndilemba za Loweruka lomaliza lija, pamene tonse sitinkadziwa kanthu.

Kunali kozizira, mwezi wa Juni. Alinesi anabwera wapansi m'tauni kudzagula sopo ndi palafini, ndipo anandipeza ndikumanga mitokoma ya nsalu, sitolo ili pafupi kutsekedwa. Anaima pakhomo ngati mlendo, nati, "A kalaliki, kodi muno mumagulitsa amuna? Wanga wakalamba, ndikufuna kusinthitsa."

Ine ndinati, "Atsala ndi amtundu womwewo, mayi. Abwino anatha nkhondo isanayambe."

Onyamula katundu anaseka mpaka bwana Harilal anasuzumira kuchokera mu ofesi. Mayi Laxmi, akazi awo, atamva mawu a Alinesi anamuitanira kukhonde lakuseri kumene ankasankha mphodza. Awiriwa anali ndi chibale chawo cha ndiwo: Alinesi ankawabweretsera therere ndi mabiringanya a kudimba, iwo n'kumamupatsa mankhwala a chifuwa onunkhira ngati utsi. Tsiku limenelo mayi Laxmi anali ndi zithunzi zimene mwana wawo Meena anatumiza kuchokera ku Delhi, kumene akuphunzira pa yunivesite. Ine ndinaima chapatali, chipewa m'manja.

Chithunzi choyamba chinali cha nsanja yamiyala, yayitali moti anthu oima pansi pake ankaoneka ngati nyerere. Alinesi anafunsa, "Anamanga ndani chimenechi?"

"Anthu a kwathu, kalekale," anatero mayi Laxmi.

"Azungu asanabwere?"

"Kutalitali asanabwere."

Mlongo wanu anachiyang'anitsitsa chithunzicho, nati, "Nanga kapitawo anali ndani?"

Mayi Laxmi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu yawo. Alinesi anaseka nawo, koma chithunzicho sanabweze msanga. Panali china cha msewu wodzaza njinga, ngolo za akavalo ndi anthu ogulitsa malonda pansi pa chipata chachikulu chakale. Panalinso cha atsikana atakhala pansi pa mtengo ndi mabuku, pakati pawo mayi wovala magalasi. Chimenechi anapita nacho powala.

"Awa amagalasiwa ndi amayi ake a yani?"

"Ndi amene amaphunzitsa Meena."

"Aakazi?"

"Aakazi."

Pobwerera kunyumba ndinamukweza panjinga. Titafika pamlatho anati titsike tiyende. Mtsinje unali utachepa, amayi akuchapa pamiyala. Alinesi anayang'ana kumadzi nati, "Bambo a Evelina, ife tinafulumira kubadwa."

Ine ndinati, "Mukanachedwa mukanandipeza nditakwatira wina."

"Ndani akanakulolani ndi makutu amenewo?"

Tinagula nzimbe patsidya, tinadya tikuyenda. Titafika kunyumba anandisokera batani la jekete akundidzudzula kuti ndimavula zovala ngati ndikumenyana nazo. Mawa lake pochokera kutchalitchi anati mutu ukumupweteka. Zotsalazo mukuzidziwa.

Alamu, ndikanatha kukulemberani kuti mlongo wanu anasiya mawu akuti Evelina adzapite ku India. Mukanakhulupirira, pakuti simunandigwirepo bodza. Koma sanasiye mawu otero. Zimene ananena ndi zomwe ndalembazi basi, ndipo sindingaike mawu m'kamwa mwa munthu amene sangathenso kunditsutsa.

Tsono za Evelina. Mukudziwa kuti mayeso ake a Kembiriji anakhoza bwino, ngakhale analemba maliro ali aawisi. Aphunzitsi ake a ku Blantyre anamuthandiza kupempha malo amene boma la India limapereka kwa ana a kuno ku Afirika, ndipo malowo apezeka, ku Delhi komweko. Akufuna akaphunzire mbiri ya maiko ndi zachuma, zaka zitatu. Ulendo ndi chakudya lilipira ndi bomalo. Sitima yapamadzi inyamuka ku Beira mu Juni, ndipo yankho lathu likufunika mwezi wa Meyi usanathe.

Mawu anu ndawawerenga kangapo, ndipo palibe limodzi limene ndaliona lopepuka. Mwati a Consolata, akulu ake a Alinesi, anabereka amuna okhaokha, choncho Evelina ndiye mkazi yekha wotsala woti mbumba yanu ipitirire. Mwati abwerere kumudzi kwa Kaphinda, aziphunzitsa pasukulu yapafupi, akwatiwe pakhomo pa makolo ake. Mwati mizinda imadya atsikana, ndipo mumaziona ndi maso anu ku lokeshoni. Mwatinso kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, ndipo ngati koleji ili yofunikadi, ilipo ya ku Salisbury kumene mungamamuyang'anire. Inu ndinu atsibweni ake, mwini mbumba. Ine ndine wongobereka. Sindikutsutsana nanu. Ndikungopempha kuti mumve zimene ndakhala ndikuziganiza panjinga popita ndi pobwera kuntchito.

Ine sekondale ndinangoilawa, zaka ziwiri ku Blantyre. Zambiri za m'kalasi zinauluka. Mutandifunsa lero mitsinje ya ku Ulaya imene tinkailoweza, ndingakuchititseni manyazi. Zimene zinakhala ndi zimene ndinkaona Loweruka akatimasula kupita m'tauni. Kumeneko ndinaona koyamba sitima ikulowa pasiteshoni, munthu wakuda akuwerengera anzake nyuzipepala pansi pa mtengo, ndi mlandu ukuzengedwa kukhoti ife titadzazana pazenera. Ndinachoka kumudzi ndikudziwa kuti dziko limathera pa Dedza. Amene anandichotsa maganizo amenewo si aphunzitsi, koma misewu. Mwana akapita kusukulu amakhala ndi aphunzitsi awiri, wa m'kalasi ndi wa panja, ndipo wa panjayo ndiye saweruka.

Ndiye ndikaganiza za Salisbury, ndimakumbukira nkhani zanu zomwe. Munatiuza muli patchuthi kuti m'masitolo ena mumagulira pakazenera kakumbali, ndi kuti simutuluka m'nyumba popanda chitupa m'thumba. Munaseka pofotokoza, koma Alinesi sanaseke. Kolejiyo ingakhale yabwino, sindikukana. Koma mwana aziphunzira m'mawa kuti ndi munthu, masana msewu uzimuuza kuti ayi? Inu munapirira chifukwa munapita muli wamkulu, mtima utakhwima kale. Evelina ndi mwana, ndipo pakamwa pake ndi pa mayi ake. Pakazenerapo sangakhale chete, ndipo mungamakhalire kukamutenga kupolisi.

Chachiwiri ndi ukale wa mzindawo. Taganizani za Lilongwe wathuyu. Nyumba yakale kwambiri pa Boma apongozi anaiona ikumangidwa. Chilichonse chachitali kuno, kaya ndi ofesi, kaya ndi mlatho, chinamangidwa mzungu ataima pambali ndi chipewa chake. Mwana wokulira pamalo otere amayesa kuti zazitali ndi za azungu, zathu ndi zaudzu. Funso lija la kapitawo tinaseka tonse, koma Alinesi sanalifunse mwanthabwala chabe. Ku Delhi, monga ndamvera, mafumu ankamanga malinga ndi nsanja, n'kugwa, ena n'kubwera kumanga pambali pake. Azungu nawo anafika, analamula, anapita, ndipo m'mawa mwake msika unatsegulidwa monga mwa masiku onse. Ndikufuna mwanayu akayende pansi pa zipata zimenezo popita kukagula sopo, mpaka zimuzolowere, asamadabwenso.

Inu mukuona nokha kuti chitaganya chimene azungu anatimangirira pamodzi ndi a ku Salisbury chikupuma mwawefuwefu. Kuno anthu akuyankhula poyera zimene zaka zitatu zapitazo tinkanong'onezana. Tsono mipando ya boma ya ku Zomba ikadzatsala yopanda anthu, tidzakhazikapo yani? Ine ndi zaka zanga ziwiri? Ku India Evelina akakhala pakati pa anthu amene anadzuka tsiku lina n'kupeza kuti positi ofesi, njanji ndi makhoti zatsala m'manja mwawo. Akaona zimene anakhoza, akaonanso zimene analakwa. Zimenezo sizili m'buku, ndipo ku Salisbury sangazione.

Musayese kuti zonsezi ndamva kwa amwenye okha, amene angayamikire kwawo monga munthu aliyense. Pakhonde la sitolo yathu pamakhala telala, a Mikaili, Myao wa ku Mangochi amene anali msilikali pankhondo ya ku Burma ndipo anadutsa m'mizinda ya ku India popita ndi pobwera. Ku Delhi sanafike, koma akuti mizinda ya kumeneko ndi pachibale. Nditawafunsa anaimitsa makina nati, "Yotamu, iwe ukuti pamsika wa Lilongwe pali anthu? Apa ndi pamaliro a munthu wosauka. Kumeneko ukayetsemula akuyankha anthu zana." Akuti msewu umodzi umakhala ndi ogulitsa mabuku okhaokha, wina osula siliva, wina ophika, uku kukulira belu, uko mwadhini akuitanira Asilamu kumapemphero, pakati ng'ombe yagona ndipo basi ikuilambalala mwaulemu. Akuti anaona mwenye akusesa msewu, wina akupemphetsa, wina ali woweruza, ndipo kuyambira pamenepo analeka kuopa munthu chifukwa cha khungu.

Evelina anali pomwepo atandibweretsera chakudya. Anati, "A Mikaili, ndiye kuti nyama ya ng'ombe ndiiwale?"

"Uiwale, mwanawe. Ukabwere utaonda ngati singano, koma mutu uli ngati dzungu."

"Bola mutu. Thupi amayi aakulu adzalikonza ndi mbatata."

Evelina anaseka, alamu. Ndinaima ndi mbale m'manja, pakuti kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chichokereni mayi ake.

Apa ndiye pali chifukwa chimene chimandivuta kuchilemba bwino. Nyumba yathu yazizira. Mukundidziwa, ine ndine munthu wa mawu ochepa. Woyankhula m'nyumba muno anali Alinesi, ife tinkangoyankha. Tsopano timadya awiri, kumveka masupuni okha. Mwana amene ankaimba potsuka mbale amatsuka mwakachetechete ngati akuopa kudzutsa wodwala. Amaphunzitsa tiana pasukulu ya mishoni podikira yankho lanu, akaweruka amathamangira kunyumba kuti ndisakhale ndekha, ndipo ndikuona kuti wayamba kukalamba pamodzi ndi ine. Kwa Kaphinda ndi kwabwino, koma nakonso n'kwachete, ndipo njira ya kuchitsime imadutsa pafupi ndi kumene tinagoneka mayi ake. Mwana wamasiye wa msinkhu uwu akufunika phokoso. Akufunika malo amene akatuluka pakhomo, moyo uzimukoka malaya. Meena akuti pa yunivesitepo pali ana a ku Kenya, a ku Ghana, a ku Tanganyika, ndipo amatsutsana za maiko awo mpaka tiyi kuzizira. Akuti kuli masewero, kuli nyumba ya mabuku yoti munthu sangaimalize, ndipo pa chikondwerero china mzinda wonse umayatsa tinyali pamakhonde. Ndikufuna Evelina akatope ndi kuona, osati ndi kukumbukira.

Zoipa sindikubisirani. Ndagwira ntchito kwa Harilal kuyambira Evelina akukwawa, ndipo sitinadyepo mbale imodzi. Ndi munthu wachilungamo, pamaliro anatipatsa lole, koma malire ake ndimawadziwa. Nditamuuza za malowa anati, "Kalaliki, mwana wako akabwera adzakhala bwana wa ine," ndipo sindinadziwe ngati akukondwa kapena akudandaula. A Mikaili akuti kumeneko ena adzamuyang'anitsitsa, ana adzafuna kugwira tsitsi lake, ena adzamunena mawu oipa. Akuti kutentha kwake kuposa kwa ku Chikwawa, ndipo tsabola amathira ngati ndi mchere. Nthanga zija mwanenazi akazidyadi. Za chitetezo, atsikana amagona m'nyumba yawoyawo ya mpanda, chipata chimatsekedwa dzuwa likalowa, ndipo mayi woyang'anira, mwa kunena kwa Meena, ndi waukali ngati mavu. Mayi Laxmi alembera mlamu wawo amene amakhala mumzindamo kuti akamulandire pasiteshoni. Anandiuza ali chogwira dzanja la Evelina kuti, "Uyu ndi mwana wa mnzanga." Kupitirira apo sindingalonjeze.

Za mbumba, limene ndi funso lalikulu, ndinamufunsa mwini wake. Tinali kudimba la mayi ake Lamulungu masana, tikuzula mapesi. Ndinati, "Evelina, ukapita udzabwera?"

Anati, "Atate, mukufuna yankho loti mukalembere atsibweni, kapena loona?"

"Loona."

"Ndikufuna kudzabwera. Mchombo wanga uli kwa Kaphinda, amayi ali komweko, ndingalowere kuti? Koma amene adzatsike basi pa Lilongweyo sindikumudziwa. Mwina adzakhala wamwano. Mwina amayi aakulu adzati si uja tinamutumiza."

"Nanga ana? Mbumba ya atsibweni ako?"

"Ana sathawa, Atate. Ndili ndi zaka makumi awiri. Sitimayo ndiye ikuthawa."

Ndinamuuza kuti mawu amenewo sindilemba chifukwa ndi achipongwe, koma onani ndawalemba, kuti mumve mwana wanu m'mene alili.

Mudziwenso ichi, kuti musadzachimve kwa ena. Ku Boma anandiuza kuti pa ulendowu dzina la bambo ndi lokwanira. Malamulo a azungu sadziwa mtsibweni. Kalaliki wa kumeneko anandipatsa cholembera nati ndisaine pomwepo, zithe. Evelina anali pambali panga ndipo ndinaona m'mene maso ake anakhalira pa cholemberacho. Koma ndi iye amene anandigwira mkono. Titatuluka anati, "Ndikapita mozemba, ndidzabwerera pakhomo pa yani?" Mwana amene mukuopa kuti mzinda umudya ndi ameneyo.

Alamu, mukukumbukira chaka chimene ndinapempha chitengwa? Ndinali nditakhala pa chikamwini kwa Kaphinda, ntchito itapezeka kuno, ndipo ndinapempha kuti nditenge Alinesi tikakhale ku Lilongwe. Akuluakulu anakana. Anati kumeneko n'kwa amwenye ndi madalaivala a malole, mwana wathu akatayika. Tinakhala pabwalo mpaka mithunzi kutalika. Inu munali mnyamata, ndevu zisanagwirane, koma munaimirira n'kunena kuti, "Mlongo wanga si nkhuku yoti tiimange mwendo. Mkamwiniyu ndamuona. Mlekeni atenge, akalakwa mudzafunse ine." Malume anu anakutchulani mwana wopanda mwambo, koma mawu anu ndiwo anapambana.

Alinesi sanatayike. Kukolola kulikonse ankabwera, pa maliro alionse a kwanu ankafika woyamba, ndipo ana a a Consolata onse anagonapo m'nyumba muno pofuna sukulu kapena chipatala. Kuno anaphunzira kuwerenga, anaphunzira kutsutsana ndi amwenye pa mtengo wa nsalu mpaka iwo kugonja. Munandibwereka mlongo wanu, ndipo ndinamubweza kwanu, ngakhale si m'mene ndinkafunira. Lero ndikupempha chitengwa chachiwiri. Wotenga si mwamuna, ndi sukulu, ndipo yanena zaka zake. Ndikupempha kwa mnyamata yemwe uja anaimirira pabwalo. Ndikhulupirira Salisbury sanamumalize.

Za ine musadere nkhawa. Tiyi ndimatha kuphika, mazira ndimatha kukazinga, malaya ochapa alipo kumsika. Madzulo ndimasewera bawo ndi a Mikaili, amene amandibera ndikuona. Iwo akuti ndine munthu woyamba kumuona akudzilembera yekha kalata yoti atsale yekha. Akuti, "Kwa Kaphinda ndi ulendo wa njinga, wopusa iwe. Ukanangokhala chete, bwenzi Lamulungu lililonse ukukadya kwa mwana wako." Zimenezo ndi zoona, ndipo ndaziganizira kuposa m'mene iwo akudziwira. Koma tisataye pepala ndi zimenezo.

Tsopano za katundu.

Munalemba kawiri kuti ankhoswe alipo, tisadikire inu, katundu apite kumudzi ndipo mwambo wa kusudzula uchitike. Ine ndinkayankha a Consolata kuti mvula, kuti msewu wa ku Mitundu waterera, kuti kusitolo kwachuluka ntchito. Mvula inalipodi. Koma chinanso n'chakuti ndinkadziwa kuti tsiku limene mudzandimasule, ndidzakhala mlendo kwa Kaphinda, ndipo mwana wa pa chitengwa mayi ake akamwalira amabwerera kwawo. Katundu ali m'nyumba muno, ndinali ndikadali mkamwini wanu, wokhala ndi pakamwa. Nkhani ya Delhi itabwera ndinaganiza zoti ndidikire kaye yankho lanu, mukalola ndiye ndipereke. Nditaliyang'anitsitsa ganizo limenelo ndinachita nalo manyazi. Zovala za Alinesi si chikole.

Loweruka lapitali ndinapempha tchuthi. Ine ndi Evelina tinatsitsa zonse: madiresi, nsalu, mipango, nsapato zake za kutchalitchi, ambulera, mbale zamaluwa zimene ankangozitulutsa kukabwera alendo, mikanda, ndi buku lake la nyimbo. Zovala tinazipinda m'bokosi lake lachitsulo, ziwiya m'madengu. Evelina ankapinda, ine ndinkangomupatsira. M'thumba la diresi lina tinapezamo njere za therere zokulunga m'kapepala. Tinakwera lole ya fodya yobwerera ku Mitundu.

Kwa Kaphinda anatilandira bwino. Anayala mphasa pakhomo pa a Consolata, abale anakhala mozungulira, ndipo katundu anatulutsidwa chimodzichimodzi. A Consolata ankakweza chinthu m'mwamba, n'kutchula woti alandire. Panalibe mkangano. Ambulera inapita kwa apongozi aang'ono, mbale kwa akazi a ana a a Consolata, buku la nyimbo ndi mikanda kwa Evelina. Kwa inu asunga mpango wobiriwira umene munamugulira ku Salisbury, akuti mudzapatse mwana wanu wamkazi. Njere zija anatenga mayi wina wa dimba loyandikana ndi mtsinje. Ine ndinayang'ana nkhuku zimene zinkatola pafupi ndi nkhokwe.

Atatha, ankhoswe ananena mawu awo ondimasula. A Consolata anawonjeza kuti, "Alamu, mwatisungira m'bale wathu bwino, tilibe nanu mlandu. Pitani mukakwatire, musatiumire m'maso ngati chitsa." Anthu anaseka, inenso ndinayesa.

Pamphasa panatsala bokosi lopanda kanthu. Wina anafunsa kuti nanga ili ndi la yani. A Consolata anati, "Ndi la mwana. Kumene lipite anene ndi Reinford." Mukudziwa kuti a Consolata ndi amene akhala akulimbikira kuti Evelina abwere kumudzi, ndipo tsiku lonselo nkhani ya India sanaitchule. Koma tikutsanzikana anandikokera kuseri kwa nyumba nandifunsa motsitsa mawu, "Kumeneko n'kutali bwanji? Kupitirira Joni?"

Ndinati, "Kupitirira, mlamu. Pali nyanja yaikulu pakati."

Anapukusa mutu nthawi yaitali. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi nsalu yabwino koposa ya Alinesi, yabuluu, imene inagwera iwo pogawana. Anaipinda, naiika pansi pa bokosi, natseka. Anati, "Chotengera sichibwerera chopanda kanthu." Sananene kuti alola, sananene kuti akana, ndipo ine sindiwaikira mawu.

Bokosilo lili pano pafupi ndi chitseko. Mnyamata wolemba zikwangwani za masitolo walipaka utoto wakuda, walemba dzina la Evelina ndi zilembo zoyera. Anafunsa kuti pansi pake alembe kuti likupita kuti. Ndamuuza adikire. Mukanena kuti kwa Kaphinda, ndidzalikweza ndekha pa lole ndi kumuperekeza mwanayo mpaka pakhomo pa amayi ake aakulu, ndipo simudzamva dandaulo kwa ine. Mukanena kuti Delhi, ndidzamuperekeza ku Salima kukakwera sitima yapamtunda ya ku Beira. Ndilibenso chogwirira, alamu, kapena pakamwa pa bwalo lanu. Ndangotsala ndi pempho.

Ine sindinatengeko kanthu, pakuti mwambo sulola ndipo sindinapemphe. Msomali wa kuseri kwa chitseko, pamene ankapachika mpango wake akachokera kumsika, ndausiya. Umenewo ndinakhoma ndine.

Mupereke moni kwa akunyumba, muwauze kuti mankhwala a mano aja ndidzatumiza ndi munthu wodalirika. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'ono amene sindinamuonebe. A Mikaili akuti moni kwa munthu amene sakumudziwa koma akumva kuti ndi wouma mutu. Evelina akupereka moni mogwada. Anafuna kuikamo kapepala kake, ndamuletsa, kuti mungayese takuunjikirani. Akuti ndingokuuzani kuti m'mawa uliwonse popita kusukulu amadzera ku positi ofesi.

Polemba pamwamba paja dzanja linalemba lokha kuti "alamu", ndipo ndakumbukira mochedwa kuti kuyambira Loweruka dzina limeneli si langanso. Sindinafufute. Ndilibe lina lokuitanirani.

Mulungu akusungeni kuchilendoko.

Ndine amene munandibwereka mlongo wanu,
bambo wa mwana wanu,

Yotamu Kambalame.